Mabokosi Ozondoka

MUTU 6

1. Mlendo wa magalasi

Kabati yatsopano inafika pa chipatala cha Mwalawanjiwa mwezi wa Juni, itakwera lole ngati mkwatibwi. Anaitsitsa amuna asanu ndi mmodzi. Odwala omwe anali pa mzere anaiwala za mutu ndi m'mimba, n'kupita kukasuzumira.

Inali yaitali kuposa munthu, ya zitseko zagalasi, ndipo inalibe kiyi. Wofuna mankhwala ankaika chala pa kagalasi kofiira, kabati n'kulira kuti tii, chitseko n'kutseguka chokha. Bokosi lililonse la mankhwala linkamatidwa kasitika komwe kabatiyo inkakamva. Bokosi likatuluka, inkachotsera pa chiwerengero. Likalowa, inkawonjezera. Pansi penipeni panali dirowa yozizira yopanda galasi, yosungiramo majekeseni osafuna kutentha.

Woyang'anira kabatiyi anali Mwai Jimu, mtsikana wa ku Phalula wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Mwai ankaphunzira za mankhwala ku koleji, ndipo anamutumiza pa chipatalachi kwa miyezi inayi kuti akaone ntchito ndi maso. Sisitala Joanna, mkulu wa anamwino, anamupatsa kabatiyo tsiku lomwe inafika.

"Inu ana a masiku ano munabadwa foni ili m'manja," anatero Sisitala. "Tenga chinthu chakochi."

Mwai anachilandiradi ndi manja awiri. Ankapukuta magalasi m'mawa uliwonse mpaka munthu n'kumadziona mano. Ndipo kunena zoona, kabatiyo inali yothandiza. Inathetsa mkangano wa tsiku ndi tsiku wofunsana kuti watenga magolovesi ndani, chifukwa inkasunga dzina la aliyense wotsegula. Inkachenjezanso mankhwala akatsala pang'ono kutha mphamvu. Mwai akamafotokozera alendo zimenezi, mapewa ankakwera okha.

Munthu mmodzi yekha ndi amene kabatiyo inamukana. Awa anali Che Yunusu a ku Ntaja, omwe anasunga mankhwala pa chipatalachi kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Anayesa chala chachikulu, inakana. Anayesa chamkombaphala, inakananso. Khasu ndi sopo zinali zitafufuta mizere ya zala zawo, moti makinawo sankaona kanthu.

"Basi, m'kaundula wake mulibemo dzina langa," anatero Che Yunusu akuseka. "Mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa. Msiyeni amete."

Anabwerera ku sitolo yawo yakale, kachipinda ka mashelefu a matabwa komwe kunatsala thonje, mabandeji ndi sopo. Kumeneko malamulo anali awo, ndipo lalikulu linali ili: bokosi likatha, osalitaya. Namwino ankalibwezera pa shelefu atalizondotsa. Che Yunusu akamadutsa m'mawa, pensulo ili kukhutu, ankangoona okha zoyenera kuitanitsa. Anamwino onse a pa Mwalawanjiwa anakulira m'lamulo limeneli. Ena ankazondotsa ngakhale bokosi la machesi kunyumba kwawo.

Mwai anaziona kamodzi, n'kuseka chamumtima. Kwa iye, tsabola wakale sawawa.

2. Tsiku la oda

Lachinayi lomaliza la mwezi uliwonse ambulansi inkapita ku Balaka kukatenga mankhwala a mwezi wonse. Chomwe sichinalembedwe pa pepala la oda tsiku limenelo chinkadikira mwezi wina. Kale Che Yunusu ankatha masiku awiri akuwerenga asanalembe pepalalo. Tsopano kabati inkalilavula yokha pa mphindi imodzi.

Lachinayi lomaliza la Ogasiti linali la Mwai. Kwa nthawi yoyamba Sisitala anamulola kuti akapereke yekha odayo, ndipo gawuni lake loyera analisita kawiri. Koma tisanamizane, si mankhwala okha omwe ankamukokera ku Balaka. Kumeneko kunali Raymond, mnyamata yemwe anaphunzira naye ku sekondale, amene tsopano ankagulitsa m'shopu ya amalume ake. Raymond anali atalonjeza tchipisi ndi nkhuku pa depoti, ndipo foni ya Mwai inayamba kunjenjemera m'thumba dzuwa litangotuluka.

Asanayambe ntchito anadzera ku chidikiro, nyumba yomwe amayi oyembekezera ochokera kutali amadikiriramo tsiku lawo. Mkulu wake Hellen anali kumeneko sabata yachiwiri. Anamupeza pa mkeka atatambasula miyendo, akusenda chinangwa.

"Iwe, ukukatenga mankhwala kapena ukukakwatiwa?" anafunsa Hellen akumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato.

"Achemwali inunso! Ndi ntchito imeneyi."

"Ntchito yonunkhira perefyumu. Ukandigulire malalanje. Ndipo usakachedwe, mwanayu wayamba kugogoda."

Anaseka onse awiri, koma Mwai ankadziwa chomwe chinamubweretsa Hellen msanga chonchi. Pa mwana woyamba anataya magazi ambiri, anatsala pang'ono kutisiya. Chomwe chinamupulumutsa ndi jekeseni wotchedwa okisitosini, yemwe amaletsa magazi mayi akangobereka. N'chifukwa chake ulendo uno anamuuza kuti adikirire pafupi ndi chipatala.

Mwai atafika pa kabati, choyamba kuyang'ana pa sikirini chinali jekeseni ameneyu. Panalembedwa mabokosi asanu ndi limodzi, ndipo bokosi lililonse limakhala ndi timabotolo khumi. Mtima unakhala pansi. Anadina batani, pepala la oda n'kutuluka. Okisitosini panalibe, poti kabati inkaitanitsa zokhazo zomwe zatsala pang'ono. Sisitala Joanna anasayina ali chiimire, akuthamangira ku wodi.

3. Khadi silibayidwa

Che Yunusu anamuimitsa pakhonde la sitolo yawo.

"Mwanache, wawerenga?"

"Kabati yawerenga, Che Yunusu."

"Ndafunsa iwe, sindinafunse kabati."

Mwai anayang'ana wotchi. Mkuluyo anaona, koma anamulozera benchi.

"Khala pang'ono, sindikudyera nthawi. Chaka changa chachitatu pa ntchito ino ndinali ngati iwe, magazi akuwira. Kabati kunalibe, tinali ndi makadi. Tsiku lina la oda ndinkathamangira ku ukwati wa mphwanga ku Ntaja, ndiye ndinangokopera zomwe zinali pa khadi. Khadi linkati mankhwala a amayi alipo. Patatha masabata awiri anabwera mayi wina wa kutsidya kwa mtsinje. Anabereka mwana wamwamuna wonenepa bwino, koma magazi anakana kuleka. Namwino anathamangira kuno, ine n'kumuonetsa khadi. Mwanache, khadi silibayidwa. Pa shelefu panalibe kanthu.

"Mayi uja tinamukweza galimoto, koma ku Balaka sanafike. Mwana wake alipo, amapalasa kabaza pa Ulongwe. Akandiona amandipatsa moni mwaulemu, sadziwa kanthu. Ine ndimadziwa. Za mabokosi ozondoka zomwe umaseka zija, usaganize kuti sindinakuone, ndinaziyamba sabata yomweyo.

"Sindikunyoza kabati yakoyo, iyayi. Maso anga atha, ndipo iyo imaona madeti omwe ine ndimaphonya. Koma khadi, buku, makina, zonsezi zimanena zomwe zauzidwa. Dzanja lokha ndi limene limanena zomwe zilipo. Mankhwala omwe kusowa kwake kungaphe munthu, usamawavomereze usanawagwire. Panadolo akasowa, munthu adandaula n'kupita kwawo. Awo a m'dirowa yozizirayo akasowa, kulira kumayambira pakhonde pompano."

Mwai anamvetsera mwaulemu, manja ali pa mawondo, monga anamulerera mayi ake. Koma miyendo inali kale pa msewu wa ku Balaka.

"Ndamva, Che Yunusu. Ndidzawerenga mawa m'mawa."

"Mawa ambulansi idzakhala itapita n'kubwera kale. Kuthamanga si kufika, mwanache."

Panja hutala inalira kawiri. Mwai anawerama pang'ono, n'kuthamanga.

4. Mpando wakutsogolo

A Elliam, dalaivala wa ambulansi, sankadziwa kudikira. Kumbuyo anali atanyamula bambo wothyoka mwendo yemwe ankafunika kukajambulidwa ku Balaka, pamodzi ndi namwino womuperekeza.

"Fulumira, dokotala wamng'ono! Kumeneko akatseka mzere wa maoda, udzawanyengerere ndiwe."

Mwai anakwera kutsogolo, pepala lili m'manja, n'kukonza gawuni kuti lisakwinyike. Galimoto inabwerera m'mbuyo, inakhota, n'kudutsa pang'onopang'ono kutsogolo kwa chidikiro. Amayi anali atayanika zitenje pa chingwe. Hellen anadzuka movutikira, dzanja lina lili m'chiuno, lina likukupiza m'mwamba.

"Malalanje!" anakuwa. "Otsekemera!"

Mwai anakweza dzanja kuti abayibitse, koma dzanjalo linaima m'malere. Anayang'ana mimba ya mkulu wake, n'kuyang'ana pepala.

"A Elliam, imani."

"Waiwala chiyani? Perefyumu?"

"Ndipatseni mphindi khumi ndi zisanu ndikawerenge dirowa imodzi."

"Iyayi, mwana wanga. Ndili ndi wodwala. Ukatsika, watsika."

Mwai anapereka pepala kwa namwino wa kumbuyo uja, anatsegula chitseko, n'kutsika. A Elliam anapukusa mutu, ndipo fumbi la ambulansi linamukuta gawuni lomwe analisita kawiri lija. Zinamuwawa, tisabise. Anatulutsa foni n'kulembera Raymond mawu awiri okha: "Sindibwera, pepa." Foni inanjenjemera nthawi yomweyo, koma iye anaibwezera m'thumba osawerenga.

5. Asanu mwa asanu ndi limodzi

Anaika chala pa kagalasi kofiira. Kabati inalira, dirowa yozizira n'kutseguka. Mabokosi analimodi asanu ndi limodzi, atandanda bwinobwino ngati ana a sukulu pa asembule. Mwai anatsala pang'ono kudziseka kuti wataya tchipisi pachabe.

Kenako anaona malemba. Pa mabokosi asanu, malemba anali oyang'ana pansi.

Ananyamula loyamba, linali lopepuka. Lachiwiri chimodzimodzi. Anatsegula onse asanu, ndipo munalibe ngakhale kabotolo kamodzi. M'lachisanu ndi chimodzi munatsala timabotolo titatu.

"Che Yunusu! Sisitala!"

Mawu ake anamveka mpaka ku chipata. Che Yunusu anafika koyamba. Atasuzumira m'dirowamo anagwira pakamwa.

"Yaa Allah. Ana anga akundilembera kalata, koma akuiika m'nyumba yomwe ine sinditha kulowamo."

Sisitala Joanna anafika akuvula magolovesi. Anayang'ana mabokosi, anayang'ana sikirini yomwe inkanenabe kuti asanu ndi limodzi, n'kukhala pa mpando ngati wamenyedwa ndi dzuwa.

"Awiri mwa amenewa ndazondotsa ndine ndemwe," anatero. "Dzanja limangochita lokha. Ndikazondotsa ndimaona ngati ndanena kale."

Nkhani yonse inali pamenepo. Anamwino ankatenga kabotolo kamodzikamodzi, bokosi likatha n'kulibwezera atalizondotsa, monga anazolowerera kwa zaka zambiri. Kabati inkamva kasitika, n'kumati bokosi lilipo. Kuti ndi lodzaza kapena lopanda kanthu, lagona chagada kapena chafufumimba, izo sinkazidziwa. Panalibe wakuba, panalibe waulesi. Aliyense anachita zomwe anaphunzitsidwa, ndipo chipatala chinatsala ndi timabotolo titatu toti tikwanire mwezi wathunthu.

"Zolira tidzalira mawa," anatero Sisitala akudzuka. "Tikufuna angati?"

Apa mpamene kabati inaonetsa ubwino wake. Mwai anadina pa sikirini, ndipo panatuluka mndandanda wa onse omwe anatsegula dirowayo, tsiku ndi tsiku. Anawerenga mofulumira.

"Kuyambira Juni tatsegula kokwana makumi asanu ndi kasanu ndi kawiri. Mabokosi asanu ndi limodzi akwanira."

"Wonjezerani awiri," anatero Che Yunusu. "Tikulowa Seputembala. Makinawo anabwera Juni, sanauonepo mwezi umenewu. Kuno Seputembala ana amabadwa ngati ngumbi. Inu werengani miyezi kubwerera m'mbuyo mpaka pa Khirisimasi, mudzandimvetsa."

Sisitala anaseka ngakhale zinthu zinali zothina. Analemba pamanja oda yowonjezera ya mabokosi asanu ndi atatu, anasayina, n'kudinda chidindo. Koma ku Balaka ankalandira pepala lenileni la chidindo, osati chithunzi cha pa foni, ndipo ambulansi inali itapita.

"Elliam sanadutse pa Ulongwe," anatero Che Yunusu. "Tayala lake lakumbuyo limapuma, amaima pamenepo kupopetsa. Akatero amamwa tiyi wa mkaka ndi mandasi awiri. Ndayenda naye zaka khumi."

Sisitala anaimba foni. A Elliam anayankha kukamwa kuli kodzaza.

"Musasunthe pamenepo mpaka pepala likupezeni," anatero Sisitala, ndipo sanadikire yankho.

Che Yunusu anali atatulutsa kale njinga yawo yakuda, ndipo anaipereka kwa Mwai. "Mabuleki ndi akumbuyo okha. Usaiwale."

6. Pa Ulongwe

Kuchokera pa Mwalawanjiwa kukafika pa Ulongwe ndi makilomita anayi a msewu wafumbi. Mwai anapalasa ngati akuthawa njuchi. Anafika thukuta lili kamukamu, gawuni litasanduka la mtundu wa dothi, tsitsi litayera ngati la agogo.

A Elliam anali atatsamira ambulansi pafupi ndi amayi ogulitsa tomato. Atamva nkhani yonse anasiya nthabwala. Anapinda pepalalo mosamala n'kuliika m'thumba la pachifuwa.

"Wagwira ntchito. Kwera tsopano, njingayo tiiponya kumbuyo. Ukafikabe nthawi ya nkhomaliro, ndipo mnyamata wakoyo sakaona fumbi, akaona mano."

Mwai anachita manyazi, poti sankadziwa kuti nkhani ya Raymond inafika mpaka kwa madalaivala. Anayang'ana mpando wakutsogolo uja. Unali wopanda munthu.

"Pitani, a Elliam. Kabati ija ikunenabe kuti asanu ndi limodzi. Ndikapanda kukaikonza, wina aikhulupirira masana ano."

Ambulansi inalowa mu msewu wa tala. Mwai anagula malalanje asanu n'kuwamanga pa kaliyala. Pansi pa mtengo panali anyamata a kabaza akuitanira anthu, ndipo mmodzi wa iwo anaizindikira njingayo.

"Asisi, imeneyo si ya Che Yunusu? Mukawapatse moni madalawo."

Mwai anamuyang'anitsitsa mnyamatayo kuposa mmene zimayenera kukhalira. Sanafunse dzina lake. Anangoti akafikitsa moniwo, n'kuyamba kupalasa pang'onopang'ono kubwerera.

Masana amenewo Sisitala anasonkhanitsa anamwino onse pa kabati. Che Yunusu anabweretsa dengu n'kuliika pambali pake.

"Kuzondotsa musasiye, ndi khalidwe labwino," anawauza. "Koma muzizondotsera umu. Bokosi likatuluka, kabati ichotsera, ine ndiliona m'dengu, tonse awiri tamva. Ndipo Lolemba lililonse ine ndi mwanayu tizitsegula dirowa yozizirayi n'kugwira kabotolo kalikonse ndi manja. Chala chimodzi sichiswa nsabwe."

"Nanga mutsegula bwanji, poti imakukanani?" anafunsa namwino wina.

Mwai anagwira dzanja la mkuluyo. "Tinayesa ziwiri zokha. Muli nazo khumi."

Anayesa chimodzichimodzi, kabati ikukana. Anamwino anayamba kuwerenga mokweza ngati ali ku mpira. Pa chala chomaliza, kakang'ono ka kumanzere komwe sikagwira mpini kwenikweni, kabati inalira kuti tii. Anthu anaomba m'manja, wina n'kululutira. Che Yunusu anakayang'ana kachalako modabwa.

"Zaka zonsezi ndimakatenga ngati kaulesi," anatero. "Sikomo, mwanache."

Ambulansi inabwera dzuwa litapendeka, itanyamula mabokosi asanu ndi atatu m'chibokosi cha ayezi. Mwai anawatsegula onse asanawamate masitika, ndipo anawerenga timabotolo makumi asanu ndi atatu ndi dzanja lake. Hellen anadya malalanje atatu n'kudandaula kuti ndi owawasa.

7. Wachinayi

Timabotolo titatu takale tija sitinachedwe. Lachisanu kunabadwa ana awiri, Loweruka mmodzi, n'kutha.

Lamulungu Mwai ali ku Misa, mayi wina wa ku chidikiro anamukodola pa zenera. Anatuluka nyimbo ya chopereka ili mkati. Pofika ku chipatala anapeza Hellen ali kale m'chipinda choberekera. Pakhonde panali Che Yunusu okha, poti iwo ankapuma Lachisanu masana n'kugwira Lamulungu kuti anzawo apite kokapemphera.

Anadikira limodzi pa benchi. Dzuwa lili pamutu kunamveka kulira kwa mwana, kwamphamvu ngati kwa munthu wolandidwa malo. Mwai analumpha n'kuyamba kuvina yekha pakhonde. Koma kuvinako sikunapite patali. Chitseko chinatseguka pang'ono, ndipo Sisitala Joanna anatulutsa mutu. Magolovesi awo anali ofiira.

"Mwai, woyamba tabaya kale koma magazi sakuleka. Timabotolo tina tinayi, tiike m'diripi. Thamanga!"

Mwai anafika pa kabati n'kuika chala. Inakana. Anaikanso, inakananso. Manja ake anali atanyowa ndi thukuta, moti kagalasi kofiira sikankaona mizere. Anapukutira pa chitenje, anayesa kachitatu, osatheka. Misozi inayamba kutsika.

"Tapatuka," anatero Che Yunusu kumbuyo kwake.

Anaika kachala kawo kakumanzere modekha, ngati akudinda kalata. Kabati inalira, dirowa n'kutseguka. Mwai anatenga bokosi. Linali lolemera. Anathamanga nalo mpaka pakhomo n'kulipereka kwa Sisitala.

Mphindi zotsatirazo zinali zazitali. Che Yunusu ankayendetsa mikanda ya tasibihi m'zala, Mwai akunong'ona Tikuoneni Mariya, aliyense ku mbali yake ya benchi. Kenako chitseko chinatsegukanso, ndipo ulendo uno Sisitala anatuluka thupi lonse, akumwetulira.

"Aleka. Lowa ukaone mwana wa mkulu wako, ndi wamkazi."

Hellen anali wofooka, milomo itayera, koma pakamwa pokha panali pamoyo.

"Iwe," anatero motsitsa mawu, "malalanje aja anali owawasa. Ukagulenso."

Mwai anaseka ndi kulira nthawi imodzi. Atatuluka anapeza Che Yunusu akuwerenga ndi zala.

"Awiri Lachisanu, mmodzi Loweruka," anatero mkuluyo. "Timabotolo tinatsala titatu. Mkulu wako ndi wachinayi."

Mwai anakhala pa benchi, akukumbukira mmene ankayang'anira wotchi Lachinayi lija. Mawu a akulu amakoma akagonera, koma awa anangogona masiku atatu okha.

8. Uthenga wa ku Balaka

Chakumadzulo Mwai anakumbukira foni. Kuyambira Lachinayi Raymond anali atangolemba mawu amodzi okha, akuti "Chabwino", n'kukhala chete. Tsopano panali uthenga watsopano, wautali.

"Sindinakwiye, ndamva kuti unatchuka kumeneko. Ndinawafotokozera amalume za iwe, akuti ndiwe mtsikana wanzeru ndipo akufuna akuone. Ndinawauzanso kuti kabati ya kwanuyo imatseguka ndi chala chako. Tikubwera Lachitatu ndi galimoto yawo, usauze anthu, tikufuna tikudzidzimutse."

Mwai anawerenga kawiri, nkhope ikuwala. Che Yunusu anali akumanga dengu la mabokosi opanda kanthu pa kaliyala ya njinga, ndipo anaona kumwetulirako.

"Ndi wa tchipisi uja?"

"Eya. Akubwera Lachitatu ndi amalume ake. Akuti akufuna adzandione." Poti anali wokondwa, anawawerengera uthenga wonse, ngakhale mzere woti asauze anthu.

Che Yunusu anasiya kumanga chingwe. Anachotsa pensulo kukhutu, anaiyang'ana, n'kuibwezera.

"Mwanache, amalume akewo m'shopu mwawo amagulitsa chiyani?"

Mwai anatsegula pakamwa kuti ayankhe, koma anapeza kuti sanafunsepo.